Kachewere wa pa Chingodzi

Ndege ya ku Maputo yachedwa ndi maola awiri.
Watero mayi wa m'chimkuzamawu, m'Chipwitikizi chosalala,
ngati akunena za mvula ya kwa eni.
Kunja dzuwa la Tete likusungunula phula,
mbuzi zaunjikana patsinde pa mlambe kuseri kwa waya,
ndipo ine, wonyamuka ku Ulongwe tambala asanalire kachiwiri,
m'mimba muli fumbi la mu chapa
ndi nthochi imodzi ya pa Musakama.

Pakona pali kashopu kowala.
Pachithunzi baga watupa ngati tsaya la mwana wa bwana.
Ndiloza ndi chala, poti dzina lake likundikola lilime.
Mtsikana wa chipewa chofiira, pachifuwa palembedwa Filomena,
afunsa ngati ndikufuna zonse: baga, chipisi, chakumwa.
Ndigwedeza mutu.
Mametikali mazana anayi ndi makumi asanu.
Dzanja linalowa kale m'thumba,
manyazi akana kuti lituluke lopanda kanthu.

Ndikhala pansi, ndiyamba kuwerenga.
Timitengo ta chipisi makumi awiri ndi tiwiri,
kamodzi kopserera.
Apa sipanafe ndi akachewere awiri omwe.
Mwezi watha bambo anga, a Zefaniya,
anagulitsa ndowa yosefukira pamsewu wa ku Domwe
pa mtengo wosafika apa,
wogula akunyinyirika, akufunanso basela.
Anapinda ndalamazo kanayi, naziika m'chipewa,
nakokera njinga kunyumba osalankhula.

Buledi ndi wofewa ngati thonje.
Nyama ilibe fupa, ilibe mwini.
Kwathu nyama imafika ndi mbiri yake:
ng'ombe ya a Kandulu ija inathyoka mwendo kudambo,
nkhumba inadya chinangwa cha eni.
Iyi yangoti phwatalala, chete,
yafunda katsamba kofota ndi tomato woonekera kuseri.

Palibe wondithirira madzi m'manja.
Palibe woti ndimuuze kuti fikani tidye.
Pafupi nane bambo wa jombo za ku mgodi wa Moatize,
malasha m'zikhadabo,
akutafuna maso ali pafoni.
Ndidzitonthoza: mwina kachewereyu ndi wa m'munda mwathu,
wandilondola kutsika mapiri,
wavula dothi lofiira, wavala mchere,
tonse tikupita kukaona mzinda.

“Mukuwerenga chiyani, achimwene?”

Ndi Filomena, kansanza m'manja, akupukuta tebulo.
Chichewa chake n'chakumtunda, chozizira ngati m'mawa wa Juni.
Akuti kwawo ndi ku Tsangano.
Ndimuonetsa kamtengo kamodzi: “Ameneyu si mbale wathu?”
Aseka, ayang'ana kaye kumene kuli abwana ake.
“Ayi. Awa amabwera m'mapepala, odula kale,
ouma gwa ndi chisanu, pa lole yochokera kutali.
Akwathu amathera pa Kwachena, padzuwa,
amayi akuwapatsa moni ndi chala chakuphazi.”

Ndiye ndakhala ndikucheza ndi mlendo.

Apukutanso pamalo poyera kale.
“Mvula yayamba kumtunda?”
Ndimuuza kuti idawaza Lachiwiri, inswa sizinatuluke.
Aima pang'ono, kansanza kakudontha.
Wina aitana pakauntala, Chipwitikizi chibwerera m'kamwa mwake
ngati nsapato yothina.

M'chikwama changa chimene chapita kale pa lamba
muli kajumbo kamene amayi anamanga ndi luzi,
akachewere khumi ndi asanu a mlongo wanga wa ku Maputo.
Pasikelo ndinawakanganira mpaka thukuta.
Tsopano agona mumdima pakati pa masutikesi a mabwana,
dothi lawo likadali pakhungu.
Ndikanadziwa, ndikanatapako anayi
kumusiyira mwana wa ku Tsangano.

Chimkuzamawu chaitana.
Ndimeza zotsala mothamanga, ndi kopserera komwe,
poti nako ndakalipira.
Ndinyambita mchere ku zala
ngati mwana wakuba ndiwo.
Pachipata mlonda atembenuza tikiti yanga:
pa dzina la bambo anga
pali chidindo cha chala chamafuta.